MUYESO WA CHISAMALIRO CHA OKALAMBA NDI ODWALA PAKHOMO

Pa chipatala chaching'ono cha Milonde, m'boma la Mulanje, mwana aliyense wosafika zaka zisanu ali ndi tsiku lake la sikelo. Amamuyeza, amalemba kulemera kwake m'buku, ndipo akayamba kutsika, mlangizi wa zaumoyo amadziŵa msanga. Koma m'midzi yomweyo muli anthu ena ofooka ngati ana amene alibe tsiku lotere. Ameneŵa ndi okalamba, olumala, ofa ziŵalo ndiponso odwala matenda a mgonagona. Ambiri mwa iwo satha kuyenda ulendo wa kuchipatala, kotero kuti akamavutika, palibe buku limene limaonetsa.

Phunziro la mwezi uno likufotokoza muyeso umene banja, mudzi ndi Boma angadziŵire nawo ngati munthu wamkulu wosatha kudzithandiza akusamalidwa bwino kapena ai. Likufotokozanso amene ayenera kuyang'anira ntchitoyi, ndi kumene munthu angakadandaule zinthu zikalakwika.

CHIFUKWA CHAKE NKHANIYI YAKULA

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'Malaŵi, ndipo 684,107 mwa iwo anali a m'boma la Mulanje. Mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi asanu anali a zaka 60 kapena kuposerapo. Ndiye kuti mudzi wa anthu 1,000 ukhoza kukhala ndi okalamba pafupifupi 50.

Kale, pa mwambo wa chikamwini, mayi ankakalambira pakati pa ana ake aakazi, ndipo mbale za nsima zinkachokera m'nyumba zingapo. Masiku ano minda ku Mulanje inachepa. Achinyamata ambiri amapita ku Blantyre, ku Mozambique kapena ku Joni kukafuna ganyu. Otsala amalaŵirira ku minda ya tiyi, makamaka nthaŵi ya dzinja pamene masamba achuluka, ndipo amabwerako dzuŵa litapendeka. Matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'Malaŵi mu 1985, anatenga ana ambiri amene akanasamala makolo ao, nasiya agogo akulera adzukulu. Pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ku Mulanje m'mwezi wa Malichi 2023, amene anali pangozi yaikulu ndi aja osatha kuthaŵa okha.

ZIMENE MALAMULO ANENA

Kusamala okalamba tsopano ndi nkhani ya lamulo. Mu 2016 Boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza okalamba, ndipo mu Epulo 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la anthu okalamba. Munthu wokalamba ndiye wa zaka 60 kapena kuposerapo. Lamuloli liteteza ufulu wa okalamba, liletsa kuwachitira nkhanza, ndipo likhudzanso nyumba zosungiramo okalamba ndi magulu owasamalira m'midzi, kuti ntchito yao ikhale yodziŵika ndi yoyang'aniridwa ndi Boma.

M'chaka chomwecho cha 2024 munayamba kugwira ntchito lamulo latsopano la anthu olumala. Bungwe la MACOHA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, linasintha nkukhala MACODA.

Palinso lamulo lakale la chaka cha 1911 lokhudza ufiti. Mwa lamuloli, kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kuopsa kwa mau otere kunaoneka ku Neno mu Januwale 2016, pamene anthu anayi okalamba anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina.

Komabe lamulo lili papepala silingatembenuze wodwala pamphasa. Ntchito yeniyeni ili pakhomo, ndipo iyenera kuyezedwa ndi zinthu zooneka ndi maso.

ZINTHU ZISANU NDI ZIŴIRI ZOYENERA KUONA

1. Chakudya. Wokalamba ayenera kudya pang'onopang'ono koma kaŵirikaŵiri, kosachepera katatu patsiku. Chakudya chichokere m'magulu onse asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Kwa amene mano anatha, phala lothira nsinjiro, nandolo wophika mpaka kufeŵa, dzira, usipa wosinja, nthochi ndi mapeyala nzothandiza kwambiri. Chizindikiro chakuti chakudya sichikwanira ndi zovala zimene zayamba kukhwepa. Nkofunikanso kuona ngati mbale imene yaperekedwa ikudyedwa ndi mwini wake, pakuti agogo ambiri amagaŵira adzukulu, iwo nkugona ndi njala.

2. Madzi akumwa. Munthu akakalamba samva ludzu msanga, ngakhale thupi lake likusoŵa madzi. Chotero madzi aziperekedwa osadikira kuti apemphe. Akhale oŵiritsa kapena othira mankhwala a kolorini, osungidwa m'ndowa yovundikira, pamalo pamene dzanja lake lifika. Mkodzo wochepa ndi wofiirira usonyeza kuti madzi achepa m'thupi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi. Wokalamba akayamba kutsekula m'mimba, apatsidwe Thanzi, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

3. Ukhondo ndi chimbudzi. Asambe kapena kupukutidwa tsiku ndi tsiku ndi madzi ofunda. Zikhadabo ziŵengedwe, ndipo zala za kumapazi ziyang'anidwe ngati muli matekenya. Zofunda zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuŵa popeŵa nsabwe, nsikidzi ndi mphere. Chimbudzi chikhale pafupi, njira yake yosalala, ndipo mkati muzikidwe mtengo wogwirira. Kwa amene maondo sapinda, mpando wobooledwa pakati uikidwe pamwamba pa dzenje. Kugwa kamodzi kokha panjira yoterera kukhoza kuthyola fupa la m'chiuno, munthu osadzayendanso.

4. Khungu la wodwala wogona. Munthu wosatha kudzitembenuza ayenera kutembenuzidwa pa maola aŵiri alionse. Akagonera mbali imodzi nthaŵi yaitali, magazi sayenda bwino pamene fupa lakanikiza khungu, ndipo pamabuka chilonda chovuta kupola. Malo oyenera kuyang'ana tsiku lililonse ndi m'chiuno, kumunsi kwa msana, zidendene, zigongono ndi mapewa. Khungu likasintha mtundu, likatentha kapena kulimba, mbali imeneyo asagonerenso mpaka pachire. Pogona pakhale pofeŵa ndi pouma, ndipo nsalu yonyowa ndi mkodzo ichotsedwe nthaŵi yomweyo.

5. Pogona. Denga lisadonthe, ndipo nyumba ikhale ndi zenera lotulutsa utsi. Masikito a udzudzu sali a amayi ndi ana okha, chifukwa malungo amapha okalambanso. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikagwa, wokalamba wopanda bulangete amasendera kufupi ndi moto usiku, ndipo ambiri amapsa motero. Wodwala khunyu kapena wosaona asasiyidwe yekha pamoto.

6. Mankhwala. Matenda a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a khunyu ndi kachilombo ka HIV afuna mankhwala a tsiku ndi tsiku. Kuleka mankhwala a kuthamanga kwa magazi chifukwa mutu wasiya kuŵaŵa ndi njira imodzi yoitanira kufa kwa ziŵalo. Pakhale wachibale mmodzi wosunga buku la kuchipatala ndi kukumbukira tsiku lokatenga mankhwala ena. Chifuwa chopitirira masabata aŵiri chifuna kuyezetsa makhololo. Khungu lobwera ndi ng'ala limachizika ndi opaleshoni yaifupi, monga imene imachitika ku chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Wodwala khansa kapena matenda ena osachizika sayenera kubuula usiku wonse: chipatala cha boma cha Mulanje ndi cha Mulanje Mission zili ndi chithandizo chochepetsa ululu.

7. Ulemu ndi katundu. Wokalamba afunsidwe maganizo ake pa za thupi lake, munda wake ndi ndalama zake. Asatsekeredwe m'nyumba, asatukwanidwe, ndipo azikhala ndi anthu ocheza naye. Kumulanda munda kapena ziŵeto akali moyo ndi nkhanza. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo pambuyo pake zinafika m'maboma onse, nzothandizira banja losaukitsitsa lopanda wogwira ntchito. Wachibale wokalandira m'malo mwa agogo ayenera kupereka ndalama zonse m'manja mwao.

KUIŴALAIŴALA SI UFITI

Okalamba ena amadwala matenda a muubongo amene amachititsa munthu kuiŵala maina a ana ake, kulankhula zosagwirizana, kapena kutuluka usiku nkusochera, mwina ali wosavala. Munthu wotere akapezeka m'bandakucha kuseri kwa nyumba ya wina, anthu amafulumira kunena kuti wagwa pa ndege ya ufiti. Zoona zake nzakuti munthuyo akudwala. Afunika kumufunditsa nsalu, kumulankhula mofatsa, kumuperekeza kwao ndi kudziŵitsa achipatala. Wokalamba amene wasokonezeka mutu mwadzidzidzi, pa tsiku limodzi kapena aŵiri, angakhale ndi malungo, chibayo kapena kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo akalandira chithandizo msanga nzeru zake zimabwerera.

WOSAMALA NAYE ASAMALIDWE

Nthaŵi zambiri ntchito yonse imagwera mayi mmodzi, kapena mdzukulu wamkazi amene amalekezedwa sukulu. Munthu wotopa ndi wosagona amapsa mtima msanga, ndipo nkhanza zambiri zimayambira pamenepo. Mutu umodzi susenza denga. Mwinimbumba aitanitse abale, agaŵane masiku, ndipo amene ali kutali atumize sopo, ufa kapena ndalama pa nthaŵi yodziŵika. Amuna nawonso akhoza kusambitsa atate ao, kutunga madzi ndi kukonza chimbudzi. Pogwira zilonda kapena zonyansa, wosamala avale magolovesi kapena majumbo osabooka, ndipo akatha asambe m'manja ndi sopo.

NDANI AYANG'ANIRE?

Oyamba ndi a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Nkwabwino kuti komitiyo ikhale ndi kope lolembamo maina a onse osatha kudzithandiza, ndi dzina la amene amasamala aliyense. Anthu aŵiri a m'komiti, mwamuna ndi mkazi, ayendere nyumba zimenezi kamodzi pamwezi ndi kuona zinthu zisanu ndi ziŵiri zija. Apemphe kuloŵa m'nyumba, pakuti pabwalo posesedwa bwino sipasonyeza mmene mphasa ilili. Apezenso mpata wolankhula ndi wokalambayo payekha, chifukwa munthu sadandaula pamaso pa amene amamupatsa chakudya. Cholinga cha ulendowu ndi kuthandiza banja, osati kulichititsa manyazi.

Zimene zapezeka ziperekedwe kwa mlangizi wa zaumoyo, amene adzadziŵitsa achipatala za odwala ofunika kuonedwa. Nyakwaŵa ndi gulupu ali ndi udindo woletsa mau a ufiti m'mudzi ndi kuteteza minda ya okalamba. Mipingo ndi mizikiti ikhoza kuthandiza pofolera nyumba ndi kulima.

Gulu kapena munthu wofuna kutsegula nyumba yosungiramo okalamba, kapena wosonkhetsa thandizo m'dzina lao, ayambe wakaonekera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma ku Mulanje. Anthu a m'mudzi ali ndi ufulu wofunsa gulu lotere mafunso aŵa: Kodi Boma likulidziŵa? Osamalawo anaphunzitsidwa ndi yani? Katundu wolandiridwa amalembedwa pati, ndipo ndani amaona bukulo? Kodi abale amaloledwa kudzazonda nthaŵi iliyonse? Gulu loona mtima siliopa mafunso otere. Wongobwera kudzajambula okalamba zithunzi, osabweranso, mfumu idziŵitsidwe za iye.

KOKADANDAULA

Wokalamba akamenyedwa, akaopsezedwa kapena akatchulidwa mfiti, nkhaniyo ipite msanga kupolisi, ku nthambi ya Victim Support Unit, osadikira kuti gulu la anthu lisonkhane. Akamanidwa chakudya, akasiyidwa yekha kapena akalandidwa ndalama, adziŵitsidwe amfumu ndi a ofesi ya chisamaliro cha anthu. Ngati sanalandiridwe bwino kuchipatala, dandaulo lipite ku komiti yoyang'anira chipatalacho kapena kwa ombudsman wa chipatala. Bungwe la MANEPO, limene limagwirizanitsa mabungwe oona za okalamba m'Malaŵi, limalankhulanso m'malo mwao. Tsiku la 15 Juni ndi lokumbutsa dziko lonse lapansi za nkhanza zochitira okalamba, ndipo la 1 Okutobala ndi tsiku la anthu okalamba. Masiku ameneŵa ndi abwino kuti mudzi uŵerengenso kope lake ndi kuona amene wasiyidwa.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Aliyense wobwera ku sikelo kapena kudzalandira mankhwala pa Milonde, akabwerera kumudzi aloŵe m'nyumba ya wokalamba mmodzi, aone mbale, ndowa, mphasa ndi buku la kuchipatala, ndipo chimene chapereŵera achinene kwa oyenera.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi m'mudzi muli anthu angati osatha kudzithandiza, ndipo ndani amasamala aliyense wa iwo?
2. Chifukwa chiyani wodwala wogona ayenera kutembenuzidwa pa maola aŵiri alionse?
3. Kodi chimbudzi chingakonzedwe bwanji kuti wokalamba asagwe?
4. Wokalamba akapezeka atasochera usiku, anthu achite chiyani?
5. Ndi mafunso ati oyenera kufunsa gulu lofuna kusunga okalamba?