Kuwala kwa Laser ndi Dzanzi la M'nsagwada

Mawu oyamba

Mankhwala olimbitsa mafupa apulumutsa anthu ambiri, maka amayi okalamba ndi odwala khansa yomwe yafalikira m'mafupa. Komabe mwa anthu ena ochepa, mankhwala omwewa amadzetsa vuto m'nsagwada. Nkhani ino ikufotokoza chiyambi cha vutoli ndi mmene kuwala kwa laser kumathandizira.

Gwero la vutoli

Fupa limadzikonza nthawi zonse: maselo ena amagumula fupa lakale pamene ena amamanga latsopano. Mankhwala monga alendronate, zoledronate ndi denosumab amafooketsa maselo ogumulawo kuti fupa lisaphwe msanga. Koma nsagwada imagwira ntchito tsiku lililonse ndipo ili pafupi ndi tizilombo ta m'kamwa. Motero dzino likazulidwa, chilonda chikhoza kukana kupola, ndipo gawo la fupa limafa.

M'chaka cha 2003, Dr Robert Marx wa ku Miami, m'dziko la America, anafotokoza za odwala 36 omwe anali ndi vutoli. Madokotala amatsimikiza nthendayi ngati fupa lakhala likuonekera m'kamwa koposa masabata 8.

M'kati mwa nsagwada ya m'munsi mumadutsa mtsempha womwe umatumiza ku ubongo mauthenga ochokera ku mlomo wa m'munsi ndi chibwano. Kutupa ndi mafinya zikafika pa mtsemphawu, munthu amamva dzanzi, kunyerenyetsa kapena ululu wotentha. Kudya kumavuta, ndipo ena amadziluma mlomo osazindikira.

Mmene laser imagwirira ntchito

Njirayi inayamba mu 1967 pamene Endre Mester wa ku Budapest anaona kuti ubweya wa mbewa zometedwa unkamera msanga zikawalitsidwa ndi laser ya mphamvu yochepa. Laser yotere sicheka ndipo siwotcha. Kuwala kwake, kofiira kapena kosaoneka ndi maso, kumalowa m'mnofu n'kulandiridwa ndi tizigawo ta selo topanga mphamvu totchedwa mitochondria. Akatswiri amati zimenezi zimachepetsa kutupa, zimathandiza magazi kuyenda, komanso zimalimbikitsa mtsempha kuchira. Dokotala amawalitsa malo odwalawo kwa mphindi zochepa, mobwerezabwereza kwa masabata angapo, ndipo onse awiri amavala magalasi oteteza maso.

Malire ake

Kafukufuku wambiri pa njirayi wachitika pa magulu aang'ono a odwala. Zotsatira zake zimaonetsa kuchepa kwa ululu ndi kupola kwa nkhama, koma kuwala sikungadzutse fupa lakufa. Pachifukwa ichi, laser imangothandizana ndi mankhwala opha tizilombo, otsukira m'kamwa, ndi opaleshoni yochotsa fupa lofalo.

Mawu omaliza

Njira yodalirika ndi kupewa. Munthu asanayambe mankhwala olimbitsa mafupa ayenera kukapimitsa mano, ndipo dzino loyenera kuzulidwa lizulidwiretu. Amene ayamba kale asasiye mankhwala mwa iwo okha, chifukwa kuthyoka kwa fupa la m'chiuno n'koopsa kwambiri kwa okalamba. Akamva dzanzi pamlomo, athamangire kwa dokotala wa mano ndipo atchule mankhwala onse amene akulandira.