Sangara ndi mputa: nsomba imodzi kapena ziwiri?

Funso: Nditapita ku Mwanza, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, ndinadya sangara, koma mnzanga wa ku Kampala akuti imeneyo ndi mputa. Kodi akulondola ndani?

Yankho: Nonse mukulondola, nsombayo ndi imodzi. Pa Chiswahili amati sangara, Aganda amati mputa, Aluo a ku Kisumu amati mbuta. Dzina londikomera ine ndi la Ahausa, giwan ruwa, kutanthauza njovu ya m'madzi. Sadaname, poti zina zimafika makilogalamu 200!

Asayansi amaitcha Lates niloticus, ya m'banja la Latidae. Dzina lachingerezi lakuti Nile perch limasocheretsa, chifukwa ma perch enieni ali m'banja lina, la Percidae.

M'nyanja ya Victoria nsombayi ndi yobwera. Anthu adaiikamo m'zaka za m'ma 1950, ndipo idadya mpaka kutha mitundu yambiri ya tinsomba ta m'banja limodzi ndi chambo chathuchi.