Phunziro: Musanafunsire Maphunziro a Udokotala Kunja

Ambiri mwa inu mumalakalaka udokotala, ndipo popeza malo ku Kamuzu University of Health Sciences ndi ochepa poyerekeza ndi ofunsira, ena maso ali kunja. Mfundo ya phunziro lino ndi iyi: musanalipire ngakhale tambala, dziwani ngati digiri ya sukuluyo idzakuloleni kugwira odwala mukadzabwerera. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

1. Fufuzani sukulu

Pa intaneti pali kaundula wotchedwa World Directory of Medical Schools, ndipo kuyang'anamo n'kwaulere. Sukulu ikapanda kupezekamo, isiyeni. Koma kupezekamo sikutanthauza kuti dziko lililonse laivomereza. Kuno kwathu dokotala sagwira ntchito asanalembetsedwe ndi bungwe la Medical Council of Malawi, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Alembereni kalata, tchulani dzina la sukulu ndi dziko lake, ndipo yankho lawo mulisunge. N'zowawa kuti makolo agulitse munda, mwana athe zaka kunja, abwere ndi pepala lomupachika kukhoma basi.

2. Dziwani malamulo a dziko lomwe mwasankha

Titenge chitsanzo cha Türkiye. Boma la dzikolo lili ndi thandizo la maphunziro lotchedwa Türkiye Bursları. Nthawi zambiri kufunsira kumayamba pa 10 Januwale n'kutsekedwa pa 20 Febuluwale, pa intaneti, popanda kulipira. Wofuna digiri yoyamba akhale wosakwana zaka 21. Maphunziro ena amalola wopeza malikisi 70 pa 100, koma udokotala umafuna 90. Wosankhidwa amamulipirira fizi, malo ogona, tikiti ya ndege ndi inshuwalansi ya kuchipatala, komanso amalandira kangachepe pamwezi. Chaka choyamba amaphunzira chiyankhulo cha dzikolo, kenako zaka 6 za udokotala. Zonse pamodzi ndi zaka 7: wochoka ali ndi zaka 19 adzabwera ali ndi 26.

Ku Britain njira ndi ina. Amafunsira kudzera ku UCAS pofika pakati pa mwezi wa Okutobala, ndipo masukulu a udokotala sasankha oposa 4. Ambiri amafuna mayeso a UCAT ndi A-Level kapena zofanana nayo, makamaka Chemistry ndi Biology, choncho MSCE payokha siikwanira. Malo a alendo ndi owerengeka, ndipo fizi m'masukulu ambiri imaposa mapaundi 30,000 pachaka.

3. Konzani zikalata msanga

Pasipoti sayambira kuifuna zenera lofunsira litatseguka. Onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa chimodzimodzi pa pasipoti, pa chiphaso cha unzika ndi pa satifiketi ya MANEB. Wolembedwa Yusuf pena, pena Yusufu, akhoza kuchedwa miyezi chifukwa cha chilembo chimodzi. Kalata yofotokoza chifukwa chomwe mukufunira udokotala muilembe nokha, ndipo munene zoona. Wolowa m'ntchito yosamala miyoyo ya anthu kudzera m'bodza waononga amanah asanayambe n'komwe.

4. Chenjerani ndi a pakati

Munthu akakuuzani kuti malo ndi anu kale bola mutumize ndalama pafoni lero lomwe, imani kaye. Lemberani sukuluyo pa adiresi yomwe ili pa tsamba lake, kapena funsani ku ofesi ya kazembe wa dzikolo.

5. Funsani za moyo wa kumeneko

Ngakhale m'kalasi aphunzitse m'Chingerezi, wodwala m'chipatala adzakuyankhulani m'chiyankhulo chake, ndiye muchiphunzire ndithu. Funsaninso za chakudya cha halaal, mtunda wa ku mzikiti, ndi malo ogona a atsikana, kuti makolo akuloleni ndi mtima umodzi.

Ntchito ya sabata ino

(a) Sankhani sukulu imodzi ya kunja, muifufuze m'kaundula uja.
(b) Werengerani zaka zomwe mudzakhale nazo pofunsira ndi pomaliza.
(c) Fanizirani dzina lanu pa zikalata zonse zomwe muli nazo.

Mayankho mubwere nawo m'kalasi, tidzakambirane pamodzi, in sha Allah.