Fennel wa mutu: nthawi yofesa ndi Epulo ndi Meyi

Fennel wa mutu ndi ndiwo zamasamba zochokera ku Italy, komwe amamutcha finocchio. Ndi wa banja limodzi ndi karoti. Masamba ake ndi opyapyala komanso onunkhira, koma chimene timamulimira ndi mutu woyera umene umatupa pamwamba pa nthaka, pomwe mapesi a masamba amakumana. Mutuwo umadyedwa wosaphika mu saladi, kapena kuphikidwa pamodzi ndi nsomba ngakhale nkhuku.

Vuto lalikulu la mbewuyi n'kuthamangira maluwa. Imamera bwino, imabiriwira, mlimi n'kumayembekeza phindu, kenako pakati pa mmera pamatuluka phesi lalitali la maluwa achikasu, mutu osatupa. Zikatero palibenso chokonza. Zimene zimachititsa ndi kutentha, kutalika kwa usana, ludzu ndi kusokoneza mizu, ndipo ziwiri zoyambazo mumazipewa pa tsiku lofesa.

Fennel amafuna nyengo yozizirira, pakati pa madigiri 15 ndi 21, ndipo amatenga masiku 90 mpaka 110 kuchokera pofesa kufika pokolola. Tsono werengerani cham'mbuyo. Kuno kwathu kumazizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo pofika pakati pa Sepitembala dzuwa limakhala layamba kuswa mtengo. Mutu uyenera kutupa mu Juni, Julayi ndi Ogasiti. Choncho fesani kuyambira pakati pa Epulo, mvula ikamatsazika, mpaka kumapeto kwa Meyi. Kumadera okwera monga Dedza, Ntcheu, Thyolo ndi Zomba kuphiri mukhoza kufesa mpaka pakati pa Juni. Kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja nthawi yozizira ndi yaifupi, ndiye fesani mu Meyi basi, ndipo yambani ndi bedi limodzi loyesera.

Chenjerani ndi zolembedwa pa paketi. Mbewu zambiri zimachokera kunja, ndipo paketi ya ku Ulaya imalangiza kufesa mu Juni ndi Julayi chifukwa kumeneko kuzizira kumabwera chakumapeto kwa chaka. Inu mukafesa mu Julayi, mutu udzayamba kutupa mu Sepitembala ndi Okutobala, nthawi imene mbewuyi imadana nayo kwambiri. Onetsetsaninso kuti paketiyo yalembedwa Florence fennel kapena bulb fennel. Njere za fennel zogulitsidwa m'masitolo a zokometsera ndiwo n'za mtundu wina, zimamera koma mutu sizichita. Mukapeza mtundu wotchedwa Zefa Fino, gulani umenewo, chifukwa suchita maluwa msanga.

Pa nkhani ya nazale, ife alangizi timalimbikira: musazule n'kuwokera monga muchitira ndi kabichi kapena tomato. Fennel ali ndi muzu umodzi wautali wolowa pansi, ndipo ukaduka kapena kupindika mmera umakhumudwa n'kuthamangira maluwa. Fesani pabedi pomwepo. Gaulani bwino, sakanizani ndi manyowa owola bwino, lembani timizere totalikirana masentimita 40, ndipo njere zilowe sentimita imodzi yokha. Zimamera pakati pa masiku 7 ndi 14. Mbande zikafika masentimita 5 mpaka 8, patulirani kuti pakhale masentimita 25 mpaka 30 pakati pa mbande ndi inzake. Zopatulazo musataye, n'zokoma mu ndiwo.

Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Mitu imakhwima nthawi imodzi ndipo siichedwa kuuma mukaisiya m'munda. Fesani mzere umodzi kapena iwiri pa masabata awiri alionse, kuti banja lizidya pang'onopang'ono ndipo wogula asakupezeni mulibe kanthu.

Madzi asasowe ngakhale kwazizira. Mphepo ya mwera imaumitsa bedi mwakachetechete, choncho pisani chala m'nthaka m'mawa uliwonse, ndipo phimbirani ndi udzu wouma. Mutu ukafika kukula ngati dzira la nkhuku, kokerani dothi m'mbali mwake kufika theka kuti ukhale woyera ndi wofewa. Patatha masabata atatu kapena anayi, ukafika masentimita 8 mpaka 10 m'mimba mwake, dulani ndi mpeni pamwamba pang'ono pa muzu.

Ngati Juni watha musanafese, sungani paketiyo pamalo ouma ndi ozizira, pabedipo mudzalepo mpiru kapena bonongwe. Fennel mudzafese Epulo wa chaka chamawa.