Galimoto Yokana Kuzima

Magalimoto ena akale a dizilo, monga Mercedes-Benz 240D ya mu 1980, sazima ndi magetsi. Injini yake imazima ikamanidwa mafuta. Woyendetsa akatembenuza kiyi, kavalavu ka kuseri kwa kiyiyo kamatseguka. Pamenepo pampu yokoka mpweya imakoka kachitsulo kotseka njira ya dizilo.

Kapaipi ka mpweyawo kakang'ambika kapena kuzuka, injini imangolirabe ngakhale kiyi atachotsedwa. Zikatero, woyendetsa wanzeru sachita mantha. Amatsegula boneti nakanikiza kachitsulo kolembedwa STOP. Kenaka amaitana makaniko kuti aone mapaipi onse msanga, popeza pampu yomweyo imathandizanso mabuleki.

Mafunso
1. Kodi injini ya dizilo imazima bwanji?
2. N'chifukwa chiyani makaniko ayenera kuitanidwa msanga?