Khutba ya Lachisanu: Mubwezereni mthiko m'manja mwake

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini kudyetsa ndi Mwini kuchiritsa. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake. Inu akapolo a Allah, ndikukulangizani, ndikudzilangizanso ndekha, kuti timuope Allah.

Abale anga m'Chisilamu, kuno ku Angónia njala timaidziwa, imene imadza nkhokwe zikapepuka mu Januwale ndi Febuluwale. Koma ilipo njala ina yolowa m'nyumba nkhokwe ili yodzaza. Madokotala amaitcha anorexia nervosa, dzina limene William Gull anaipatsa ku London mu 1873. Wodwala amaopa kunenepa mpaka kudzimana chakudya, nadziona wonenepa pamene nthiti zake zikuwerengeka. Nthenda inzake ndi bulimia nervosa, imene Gerald Russell anaifotokoza mu 1979: kudya mopyola muyezo, kenaka kudzisanzitsa mobisa. Bungwe la zaumoyo la WHO linati mu 2019 anthu 14 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a kadyedwe, ndipo pafupifupi 3 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata. Amagwira kwambiri atsikana, koma anyamata sawasiya. Si mwano, si matama, si kulodzedwa. Ndi matenda a maganizo amene amawononga thupi, ndipo amapha.

Mwana akamaonda, mutengereni kuchipatala, kaya ku Ulongwe kaya kutsidya kwa malire ku Dedza, akamuyeze chifuwa chachikulu, HIV ndi shuga, ndipo muwauze madokotala mosabisa mmene akudyera. Amene wakhala nthawi yaitali osadya asapatsidwe chakudya chambiri mwadzidzidzi, pakuti mchere wa m'magazi umasokonezeka ndipo mtima ukhoza kuima. Dua iyendere limodzi ndi chithandizo, pakuti Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa, monga zilili kwa Bukhari, kuti nthenda iliyonse Allah anaitsitsira mankhwala ake.

Koma lero ndifuna tilingalire za nthawi imene wodwala wabwerera kunyumba. Pamene anali wofooka tinamuchitira zonse, ndipo zinali zoyenera: tinamuphikira, tinamupakulira, tinakhala naye mpaka mbale itatha. Choopsa nchakuti mantha athu amuchititse kukhala khanda mpaka kalekale. Thupi likhoza kubwerera m'malo, koma ngati sangathe kudzipakulira, kupita kumsika, kapena kudya pakati pa anthu, ndiye kuti nthenda yachoka m'thupi koma yamusiya m'ndende.

Taonani m'Sura ya Maryam, ndime 25. Mayi Maryam ali m'zowawa za kubereka, ali okha, analamulidwa kugwedeza thunthu la mtengo wa tende kuti zipatso ziwagwere. Kodi Allah sakanatha kuzigwetsa popanda dzanja lawo? Taonaninso m'Sura ya Swaad, ndime 42. Mneneri Ayyub (AS), atazunzika ndi matenda, anauzidwa kuti amenye pansi ndi phazi lake, ndipo anapeza madzi ozizira osamba ndi akumwa. Machiritso ndi a Allah, koma Iye anamusiyira wofookayo gawo lake laling'ono. Nafenso tisamulande wodwala gawo lake.

Gawolo libwezedwe pang'onopang'ono, mogwirizana ndi achipatala. Poyamba adye pa nthawi yoikika, katatu patsiku ndi kachakudya kena pakati, osapyola maola atatu kapena anayi m'mimba muli pululu, adyere pamodzi ndi banja. Akakhazikika, adzipakulire yekha nsima ndi ndiwo, wamkulu ali pafupi. Kenaka mubwezereni mthiko aphikire banja, koma nayenso adye zimene waphikazo, pakuti nthendayi imakonda kudyetsa ena iyo ili kudzimana. Pambuyo pake mupatseni ndalama akagule mbatata, nyemba ndi kabichi pamsika wa Kalomwe, tsiku loyamba ndi mnzake, kenaka yekha. Abwerere kusukulu, kumadrasa ndi kudimba. Kudya pa ukwati kapena pa sadaka kudze komalizira, chifukwa maso a anthu ndiwo amamulemera koposa. Akaterereka, bwererani sitepe imodzi popanda kumukalipira. Mwana wophunzira kuyenda akagwa sitimubwezera kumsana kwa chaka chonse.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah, changa ndi chanu.

Khutba yachiwiri

Kutamandidwa nkwa Allah, ndipo madalitso akhale pa Mtumiki Wake. Abale anga, ndikuchenjezeni pa zinthu ziwiri.

Choyamba ndi kusala. Nthendayi imatha kubisala m'chovala cha ibada: wodwala amasala Lolemba ndi Lachinayi, ife nkumamuyamikira, pamene ikumulamula ndi nthenda. Sura ya Baqara, ndime 184 ndi 185, yamupatsa wodwala chilolezo chomasula m'mwezi wa Ramadhani ndi kudzabweza masikuwo mtsogolo. Choncho amene dokotala wamuletsa asasale, ndipo asanyozedwe. Kumbukirani Salman pamene anachezera Abu Darda, amene ankasala usana ndi kuswali usiku wonse. Salman anakana kudya kufikira mwini nyumba atadya naye, namukumbutsa kuti mwini wake ndi banja lake alinso ndi ufulu pa iye. Mtumiki (SAW) atamva anavomereza mawu a Salman.

Chachiwiri ndi lilime. Kwathu kuno kumuuza munthu kuti wanenepa ndi kumuyamikira, koma kwa wodwala uyu mawu amenewo ali ngati mpeni. Amayi ndi abambo, musanene za thupi lake, musawerenge mbamu zake pagulu. Muuzeni kuti tinakusowa pamzikiti, muyamikireni pa ntchito ya manja ake.

Ee Allah, chiritsani odwala athu ndi machiritso osasiya nthenda. Limbitsani manja awo, apatseni kupirira amene akuwasamala, ndipo dalitsani chakudya cha m'nyumba zathu. Amin.

Imirirani tiswali.