Ufumu wa Mulungu: Kodi Akhristu Amatanthauza Chiyani?

Ambiri a ife pa bwalo lino tinakulira m'mabanja achikhristu, ndipo enafe tili ndi achibale kapena anansi amene saphonya tchalitchi. Tikawayendera pakhomo n'kuyamba kucheza za zinthu zauzimu, mawu akuti Ufumu wa Mulungu sachedwa kutuluka. Nafenso timawatchula m'mapemphero athu. Koma anthu awiri angathe kutchula mawu amodzimodzi kwa ola lathunthu, aliyense akuganiza zake, n'kutsanzikana asanamvane. Choncho sabata ino tiyamba tamvetsera zimene Akhristu eni ake amakhulupirira pa nkhaniyi. Amene ali ndi Baibulo alitsegule, chifukwa ndime zimene titchule n'zoti tiwerenge tokha.

Liwu lakuti ufumu

Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndipo liwu limene analimasulira kuti ufumu ndi basileia. Liwuli limanena makamaka za kulamulira kwa mfumu, mphamvu zake ndi udindo wake. Za dera ndi malire zimabwera pambuyo. Apa chilankhulo chathu chimatithandiza. Munthu akalongedwa ufumu, tonse timadziwa chimene chasintha: milandu idzaweruzidwa pa bwalo lake, maliro sadzalengezedwa iye asanamve, ndipo mlendo wofuna malo adzayamba wagwada kwa iye. Momwemonso Ufumu wa Mulungu ulipo pamene Mulungu ndiye akuweruza, akumveredwa, ndipo chimene iye afuna n'chimene chikuchitika.

Mateyu amakonda kunena kuti Ufumu wa Kumwamba, ndipo amatero koposa ka 30. Zimenezi zachititsa ambiri kuganiza kuti nkhani yonse ndi ya kumene munthu amapita akamwalira. Koma yerekezani Mateyu 13:31 ndi Marko 4:30. Fanizo ndi limodzi, la kambewu ka mpiru. Mateyu akuti Kumwamba, Marko akuti Mulungu. Akatswiri ambiri a Baibulo amati Mateyu ankalembera Ayuda, amene chifukwa cha ulemu sankatchula Mulungu mwachisawawa, monga momwe munthu woleredwa bwino satchulira dzina la apongozi ake.

Anthu amene anamva uthengawu poyamba

Marko akusimba kuti Yohane Mbatizi atamangidwa, Yesu anapita ku Galileya n'kuyamba kulalikira kuti ufumuwo wayandikira. Sanafunike kufotokoza kuti ndi ufumu uti, pakuti omvera ake anali atauyembekezera kwa mibadwo yambiri. Mzera wa mafumu a banja la Davide unaduka pamene Ababulo anagwetsa Yerusalemu cha m'ma 586 Khristu asanabadwe. Pambuyo pake Ayuda analamulidwa ndi Aperisi, kenako Agiriki, ndipo atadzilamulira okha kwa zaka pafupifupi 80, kazembe wa Aroma Pompey analowa mu Yerusalemu m'chaka cha 63 Khristu asanabadwe. M'masiku a Yesu, Galileya anali m'manja mwa Herode Antipa, wolamulira mwa chilolezo cha Roma, ndipo ku Yudeya kunali Pilato, kuyambira chaka cha 26 mpaka 36.

Anthuwa ankawerenga Danieli mutu 2, pamene mwala wosasemedwa ndi manja a munthu ukuphwanya chifanizo chachikulu choimira maufumu a dziko. Ena sanafune kungodikira. M'chaka cha 6, Aroma atachita kalembera wa msonkho, Yudasi wa ku Galileya anautsa anthu, akunena kuti wolamulira wawo ndi Mulungu yekha. Machitidwe 5:37 akutchula mmene anathera. Ndiye munthu wina wa ku Galileya konko akaimirira n'kumati Ufumu wa Mulungu wayandikira, msodzi ndi wokhometsa msonkho onse ankatchera khutu, aliyense pa chifukwa chake.

Mafanizo

Chodabwitsa n'chakuti Yesu sanapereke tanthauzo la ufumuwo m'chiganizo chimodzi. Ankangoti ukufanana ndi chakuti, n'kusimba nkhani. Mu Mateyu 13 mokha muli mafanizo asanu ndi awiri otchuka, ndipo palibe limodzi lonena za asilikali kapena nyumba yachifumu. Muli wofesa mbewu, munda wa tirigu womera namsongole, kambewu ka mpiru, mayi wokanda ufa, chuma chokwiriridwa m'munda, wamalonda wofuna ngale, ndi khoka.

Tiyeni tichedwe pang'ono pa mayi uja. Anatenga chotupitsa mkate n'kuchibisa mu miyeso itatu ya ufa. Miyeso itatu imeneyo ndi ufa woposa makilogalamu 20, wokwanira kudyetsa chinamtindi cha anthu, osati banja limodzi. Aliyense amene anakandapo mandasi akudziwa kuti yisiti ukamuthira saonekanso. Umavundikira beseni n'kupita kukachita zina, ndipo pobwera umapeza ufa wakwera. Palibe anganene mphindi imene unayamba kukwera. Marko 4:26-29 ali ndi fanizo lofanana nalo, limene Mateyu ndi Luka alibe: mlimi amafesa, n'kumagona ndi kudzuka, ndipo mbewu imamera iye osadziwa kuti zikutheka bwanji. Kwa anthu amene ankayembekezera mwala wophwanya Roma tsiku limodzi, mafanizo amenewa ayenera kuti anali owawa kumva.

Fanizo la namsongole nalo lili ndi munga wake. Antchito akufuna kuzula udzu woipawo msanga, mwini munda akuwaletsa, poopa kuti azulira kumodzi ndi tirigu. Ntchito yosiyanitsa ndi ya nthawi yokolola, ndipo si ya antchitowo. Ife tikuona kuti mwa mafanizo onse, ili ndi limene anthu opembedza, a chipembedzo chilichonse, amalephera kulisunga.

Ndiye pali la aganyu, mu Mateyu 20. Mwini munda wa mphesa alemba anthu m'mamawa atapangana nawo malipiro a tsiku limodzi. Alembanso ena dzuwa litakwera, ena masana, ndipo ena kutatsala ola limodzi kuti aweruke. Madzulo onse alandira ndalama yofanana, ndipo a m'mamawa aja adandaula. Tinene zoona: tikanakhala ife titagwira khasu kuyambira mbandakucha, tikanadandaulanso. Komabe palibe amene anaberedwa, pakuti aliyense analandira zimene anapangana. Amene analembedwa mochedwa anali ataima pamsika tsiku lonse popanda wowalemba, ndipo ana awo nawonso ankafunika kudya usiku umenewo. Akhristu amaona m'fanizoli chisomo: munthu amalowa mu ufumuwo chifukwa cha kuwolowa manja kwa mwini wake, osati chifukwa cha maola amene wagwira. M'mutu womwewo, mayi wa ana a Zebedayo akupempha mipando iwiri yapamwamba ya ana ake, ndipo Yesu akuyankha kuti wofuna kukhala wamkulu ayenera kukhala wotumikira anzake.

Tiime kaye apa tikambirane. Kodi m'mudzi mwathu kapena kuntchito kwathu, ndani amene amafika ola lomaliza, ndipo timamulandira bwanji?

Wafika kale, kapena ukubwera?

Funso limeneli lavutitsa Akhristu kuyambira kale, chifukwa Mauthenga Abwino amanena zonse ziwiri. Pa Luka 11:20 Yesu akutenga kutulutsa kwake ziwanda ngati umboni wakuti ufumuwo wawafikira kale omvera ake. Koma m'pemphero limene anaphunzitsa ophunzira ake, anawauza kuti azipempha kuti ufumuwo ubwere, ndipo munthu sapempha chinthu chimene ali nacho kale chonse. Pa Luka 17:21 pali mawu awiri Achigiriki, entos hymon, amene angamasuliridwe kuti m'kati mwanu kapena pakati panu. Mabaibulo amasiyana pamenepa, ndipo n'kothandiza kuona kuti lanu likuti chiyani. Amene amasankha pakati panu amakumbutsa kuti Yesu ankayankha Afarisi, ndiye ayenera kuti ankanena za iye mwini ataima pakati pawo.

Mu 1892 Johannes Weiss wa ku Germany analemba kuti Yesu ankanena za ufumu wam'tsogolo wokhawokha, umene Mulungu adzaugwetse mwadzidzidzi, ndipo Albert Schweitzer anapitiriza ganizoli mu 1906. Mu 1935 C. H. Dodd wa ku Britain anatsutsa, akuti mafanizo akusonyeza kuti ufumuwo unafika kale mu utumiki wa Yesu. Lero mipingo yambiri, ya Katolika ndi ya Chipulotesitanti, imagwira mbali zonse ziwiri: ufumu unayamba, koma sunakwanire. Tingayerekeze ndi mwezi wa Febuluwale, chimanga chili ndi ngaiyaye m'munda koma nkhokwe ili pululu.

Pali chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuchichepetsa pocheza ndi Akhristu. Kwa iwo ufumuwu sungalekanitsidwe ndi Yesu mwini. Mlandu umene unalembedwa pamwamba pa mtanda wake unali wakuti ndi mfumu ya Ayuda, ndipo Akhristu amakhulupirira kuti pa mtandapo ndi pa kuuka kwake m'pamene uchimo ndi imfa zinagonjetsedwa. Amayembekezera kuti adzabweranso kudzaweruza amoyo ndi akufa. Chikhulupiriro chimene mabishopu anachikhazikitsa ku Constantinople mu 381, chimene mipingo yambiri imachinenabe pamodzi, chimavomereza kuti ufumu wa Khristu sudzatha. Akatolika ali ndi chikondwerero cha Khristu Mfumu, chimene Papa Pius XI anachiyambitsa mu 1925, ndipo tsopano chimachitika Lamlungu lomaliza la chaka cha mpingo, mu Novembala. Tikauza Mkhristu kuti Ufumu wa Mulungu ndi mtendere ndi chilungamo basi, adzavomera mwaulemu, koma mumtima adzadziwa kuti tasiya mutu wa nkhani.

Pamene anthu anafuna kuufulumizitsa

Mfumu Constantine atalola Chikhristu mu 313, ena anayamba kuganiza kuti boma la Roma ndiye chotengera cha ufumu wa Mulungu. Mu 410 asilikali a Alaric anafunkha mzinda wa Roma, ndipo ganizolo linagwedezeka. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anayankha ndi buku lalikulu lonena za mizinda iwiri, wa Mulungu ndi wa dziko. Anati iwiriyi ndi yosakanikirana mpaka tsiku lomaliza, ndipo palibe boma limene lingadzitche mzinda wa Mulungu.

Si onse anamvera. Mu 1534 gulu lina linalanda mzinda wa Münster ku Germany n'kuutcha Yerusalemu Watsopano. Jan van Leiden anavekedwa ufumu, otsutsa anaphedwa, anthu anafa ndi njala mzindawo utazingidwa, ndipo mu 1535 zonse zinatha ndi magazi. Zikwere zachitsulo zimene anaikamo mitembo ya atsogoleri ake zikadali lende pa nsanja ya tchalitchi cha St Lambert mpaka lero. Antchito aja anafuna kuzula namsongole nthawi isanakwane.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Mu 1908 Elliot Kamwana anabwerera kwawo kwa Atonga ku Nkhata Bay akulalikira kuti ufumu udzafika mu 1914. Anthu anamvamo kutha kwa msonkho ndi kwa ulamuliro wa atsamunda, ndipo m'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000. Boma linamuthamangitsa m'dziko mu 1909, ndipo analoledwa kubwerera mu 1937. Mofanana ndi ku Galileya, olamulira anamva liwu lakuti ufumu n'kuchita mantha.

Ena anautenga mwa njira ina. Walter Rauschenbusch, m'busa wa Baptist amene anatumikira anthu osauka m'dera la Hell's Kitchen ku New York kuyambira 1886, atatopa ndi kuika maliro a ana, anaphunzitsa kuti kupempherera ufumu kumafunanso kukonza malipiro ndi nyumba za antchito. Otsutsa ake anati waiwala kuti ufumu ndi mphatso ya Mulungu, munthu saumanga. Iye ankaloza ku Mateyu 25, kumene mfumu ikuweruza mitundu ya anthu pofunsa za anjala, alendo, odwala ndi a m'ndende. Mkangano umenewu ukadalipo m'mipingo, ndipo mwina mwaumvapo pa wailesi.

Pamene nkhaniyi ikutikhudza

Ku America, William Miller anawerengera zaka kuchokera pa Danieli 8:14, ndipo omutsatira anadikira kubwera kwa Khristu pa 22 Okutobala 1844. Tsikulo litadutsa ambiri anabalalika, ndipo mwa otsalawo munatuluka mpingo wa Seventh-day Adventist. Ife tikamva 1844 timakumbukira usiku wa Meyi ku Shiraz pamene Báb analengeza uthenga wake. Mu 1868 Akhristu a ku Germany otchedwa Templers, motsogozedwa ndi Christoph Hoffmann ndi Georg David Hardegg, anafika ku Haifa kudzakonzekera ufumu m'munsi mwa phiri la Karimeli. Chaka chomwecho, pa 31 Ogasiti, Bahá'u'lláh anafika ku Akka ali mkaidi, tsidya lina la gombe lomwelo. Pambuyo pake analembera Hardegg kalata, ndipo anamangapo hema wake pafupi ndi nyumba zawo. Msewu wa mudzi wawo ndi umene lero umaloza ku masitepe okwera ku Manda Opatulika a Báb.

Nkhani zimenezi zimatisangalatsa, ndipo n'zosavuta kuthamangira nazo kwa mnansi ngati chibonga. Koma tikumbukire kuti a Templers anakhala pamenepo zaka zambiri ndipo gulu lawo silinakhale la Abahá'í. Mkhristu wa Adventist ali ndi kafotokozedwe kake ka 1844, ndipo anakalingalira mozama. Ngati sitinamve kaye chimene iye akuyembekezera, sitingadziwe ngati zimene tikunena zikuyankha funso lake.

Tisanakumanenso, aliyense awerenge Mateyu 13 yense ndi Mateyu 20:1-16. Kenako apeze Mkhristu mmodzi, kaya ndi azakhali, kaya ndi mnzake wa kuntchito, amufunse kuti akamapempha kuti ufumu ubwere amakhala akuyembekezera kuona chiyani. Tisamuwongolere kapena kumuyankha. Tilembe zimene wanena monga wanenera, ndi dzina la mpingo wake, tidzawerengerane sabata yamawa.